Kuwongolera liwiro la mota ya mgolo wokazingira mtedza ku Kawale

Gulu la amayi opanga chiponde ku Kawale, lomwe achemwali anga alimo, linatopa ndi kukazinga mtedza pachiwaya. Pachiwaya wina umapserera wina usanapse, ndipo chiponde chake chimatuluka chowawira. Wowotcherera zitsulo wina wa ku Mchesi anawapangira mgolo wozungulira pamoto, ndipo ine monga wamagetsi anandipatsa mbali ya mota: mgolowo uziyenda pang'onopang'ono, ndipo wokazinga azitha kuonjezera kapena kuchepetsa liwiro. Ndalemba zonse pamodzi ndi mitengo yake chifukwa anthu ambiri opanga timakina totere akutayira ndalama pa dimmer, kabokosi komwe amayiwa anayamba kugula.

7 Juni 2025: mota ya kompuresa ndi kabokosi ka 4000 W

Mgolo ndi wa masentimita 50 pakamwa ndi 80 mulitali, wagona pa shafuti ya maberingi awiri, ndipo pansi pake pali ng'anjo ya njerwa. Umalowa makilogalamu 25 a mtedza wosenda. Mota yomwe anali nayo ndi ya kompuresa yakale, ya single phase (magetsi wamba a m'nyumba), 0.75 kW, yozungulira ka 1,400 pa mphindi. Anali atagulanso dimmer, kabokosi ka batani lopotokola kolembedwa 4000 W, pa K20,000. Wogulitsa anawauza kuti kamachepetsa liwiro la mota iliyonse.

Tinayesa mota ili payokha pansi. Nditayamba kupotokola batani, liwiro silinasinthe kwenikweni, koma mota inayamba kulira mwa mtundu wina, kung'ung'udza. Nditapitiriza, liwiro linagwa mwadzidzidzi, m'kati munamveka kuti "kha", ndipo posakhalitsa panamveka fungo la vanishi wotentha. Ndinazimitsa pomwepo.

Mayi wamkulu wa gululo anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti atigulitsa chakufa?" Kabokosiko kanali kabwinobwino, koma si ka mota yamtundu umenewu. M'kati mwake muli triac, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya magetsi mwachangu. Magetsi a m'nyumba mwathu ndi 230 V pa 50 Hz, kutanthauza kuti amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo triac imadikira kaye pang'ono pa theka lililonse la ulendowo isanawatsegulire njira. Zotsatira zake n'zakuti mavoti ofika ku mota amachepa, koma 50 Hz ija imakhala pomwepo. Tsono mota ya induction liwiro lake silichokera ku mavoti, limachokera ku Hz ndi kuchuluka kwa mapolo a maginito omwe makoyilo ake amapanga. Ya mapolo anayi pa 50 Hz imalondola 1,500, ndipo chifukwa chotsalirako pang'ono imayenda cha m'ma 1,400. Ili ngati wovina amene amatsatira ng'oma: woimba akafewetsa dzanja gule sachedwa, amachedwa pokhapokha kaimbidwe kakachedwa. Dimmer imangofooketsa mota mpaka italephera kukoka, ndipo ikamalephera m'pamene imatentha.

Kuti "kha" kuja ndi swichi ya m'kati. Mota zotere zili ndi koyilo yoyambitsira ndi kapasita yake, zomwe zimagwira ntchito kwa sekondi imodzi kapena ziwiri basi, kenako swichiyo imazichotsa mota ikafika cha m'ma magawo atatu a magawo anayi a liwiro lake. Liwiro likagwa swichi imazibwezeretsanso, ndipo koyilo yoyambitsirayo, yomwe waya wake ndi woonda, imapsa. Mota ya kompuresa tinaiika pambali isanafike pamenepo.

14 Juni: dimmer yapeza ntchito ina

Ng'anjo imayaka ndi makoko a mtedza ndi zitsononkho, ndipo moto wake umafuna mpweya. Ndinagula blower yam'manja, ija yopemerera fumbi, pa K35,000. Mota yake ndi ya mabulashi, ngati ya girayinda, dirilo kapena makina osokera. Mota za mabulashi liwiro lake limatsatiradi mavoti, choncho pamenepa dimmer inagwira bwino kwambiri: kupotokola pang'ono mpweya wochepa, kupotokola kwambiri moto n'kubuka. Tinailumikiza kung'anjo ndi paipi yachitsulo yotalika mita imodzi ndi theka kuti pulasitiki wake asasungunuke.

Njira yachidule yodziwira musanagule: yang'anani m'mbali mwa mota. Ngati muli tizitseko tiwiri tosinthira mabulashi, kapena mukuona timoto m'kati ikamayenda, dimmer ikhoza kugwira. Ngati pamsana pake pali kapasita ndipo mbale yake yalembedwa 1,400 kapena 2,800, musataye ndalama.

21 Juni: mota ya three-phase ndi VFD

Chomwe chimasinthadi Hz ndi VFD (Variable Frequency Drive), bokosi lamagetsi lowongolera liwiro la mota. Pokagula muzitchula VFD ya mota, chifukwa mukangoti inveta akupatsani ya sola. Mita ya ESCOM ya panyumbapo ndi ya single phase, choncho ndinafuna VFD yolowa 230 V single phase n'kutulutsa 230 V three-phase, magetsi a mawaya atatu. Nditazungulira masitolo a zamagetsi ku Malangalanga ndi ku Area 4, ndinapeza ya 1.5 kW pa K310,000. Ya 0.75 kW ikanakwanira koma kunalibe.

Kagwiridwe kake ntchito n'kotere. Magetsi akalowa amadutsa m'madayodi n'kusanduka DC (magetsi oyenda mbali imodzi), yomwe imasungidwa m'makapasita aakulu pa mavoti pafupifupi 325. Kenako matransista asanu ndi limodzi amatsegula ndi kutseka DC imeneyo kambirimbiri pa sekondi, n'kupanga magetsi a mawaya atatu a Hz iliyonse yomwe mwasankha. Ikatsitsa Hz imatsitsanso mavoti mofanana: 230 V pa 50 Hz, cha m'ma 115 V pa 25 Hz. N'chifukwa chake mota imachedwa popanda kutaya mphamvu yokokera. Makapasita aja amasungabe magetsi ngakhale mutazula pulagi. Ine ndimadikira mphindi 10 ndi kuyeza ndi mita ndisanagwire waya aliyense m'katimo, ndipo aliyense azichita chimodzimodzi.

Mota ndinaipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Kanengo pa K165,000: three-phase, 0.75 kW, 1,400, shafuti ya mamilimita 19. Ndinayeza makoyilo onse atatu n'kupeza kuti akufanana, ndipo palibe yomwe ikukhudza thupi la mota. Chofunika kwambiri pambale yake ndi polembedwa 230/400 V. Mota yolembedwa 400/690 V, monga zimakhalira zambiri zikuluzikulu, siipereka mphamvu yake yonse pa VFD ya 230 V.

Nditatsegula kabokosi ka mawaya ndinapeza tizitsulo tolumikizira tagona mopingasa, kulumikiza nsonga za makoyilo zolembedwa W2, U2 ndi V2 pamodzi. Kalumikizidwe kameneka ndi star, ya 400 V, momwe inkagwirira kufakitale komwe inachokera. Ikasiyidwa choncho pa 230 V imazungulira bwinobwino ili yokha, moti munthu atha kunyengeka, koma mphamvu yake yokokera imatsika kufika pa gawo limodzi la magawo atatu. Ndinaimika tizitsulo tonse titatu, U1 ndi W2, V1 ndi U2, W1 ndi V2, kukhala delta, ya 230 V.

Mu VFD ndinalemba zomwe zili pambale ya mota: 230 V, 50 Hz, 1,400 ndi 3.4 A. Ma ampeya amenewa musawadumphe, makamaka VFD ikakhala yaikulu kuposa mota monga yathuyi. Ikasiyidwa pa nambala yake yakufakitale imaganiza kuti ikuyendetsa mota ya 1.5 kW, ndipo yaing'onoyo ikhoza kupsa iyo osazima.

28 Juni: mtedza wamatirira kukhoma la mgolo

Wowotcherera anali ataika kale pulley ya mamilimita 50 pa mota yokoka ya mamilimita 300 ndi lamba (zonse K45,000), kenako tcheni cha njinga yamoto ya kabaza, sproketi ya mano 14 yokoka ya mano 42 (K38,000). Pulley zimagawa liwiro kasanu ndi kamodzi, tcheni katatu, ndiye kuti pa 50 Hz mgolo umazungulira ka 78 pa mphindi.

Tinathira mtedza moto usanayatsidwe n'kuyendetsa pa 50 Hz. Poyamba unkamveka kugubuduka, kenako phokoso linatheratu. Titasuzumira pakhomo tinaona mtedza wonse wamatirira kukhoma, ukuzungulira limodzi ndi chitsulo osagwa. Pamoto ukanapserera mbali imodzi. Mgolo uliwonse uli ndi liwiro lomwe zam'kati zimasiya kugwa, ndipo kwa wa masentimita 50 ndi cha m'ma 60 pa mphindi. Mgolo ukakula liwiro limeneli limatsika. Nditatsitsa Hz pang'onopang'ono, mtedza unayamba kukwera mpaka theka n'kumagubudukira pansi bwino pomwe mgolo unafika cha m'ma 25 pa mphindi. VFD inali pa 16 Hz.

Tsiku lomwelo panatulukanso vuto lina. Ndikadina batani loimitsa, VFD inkazima n'kulemba kuti mavoti achuluka. Inali itaikidwa kuti iimitse mota m'masekondi awiri, koma mgolo wolemera sufuna kuima msanga chotero. Umakoka mota, mota n'kusanduka jenereta, magetsi n'kubwerera m'makapasita aja. Pali resistor yapadera yomwe imagulidwa kuti iziwotcha magetsi obwererawo, koma pa mgolo wa mtedza n'zosafunika. Ndinaika masekondi 10 poyamba ndi 10 poima, vuto linatha.

5 Julayi: kukazinga koyamba, mota yatentha

Apa m'pomwe pali phunziro lalikulu la ntchito yonseyi. Pa 16 Hz mtedza unakazingika bwino kuposa kale lonse, amayi mpaka analuluta. Koma mgolo wachiwiri usanathe, thupi la mota silinkagwirika ndi dzanja, ndipo VFD inazima n'kulemba overload, kutanthauza kuti mota yalemedwa.

Zifukwa zinali zingapo zounjikana. Fani yoziziritsa mota ili pa shafuti yomweyo, ndiye mota ikamayenda cha m'ma 450 m'malo mwa 1,400, mpweya womwe imakankha umakhala wochepa kwambiri. Chachiwiri, pa Hz yotsika chonchi mavoti amakhala cha m'ma 75 okha, ndipo gawo lina limathera m'waya wa makoyilo, moti kuti mgolo wodzaza unyamuke ndinayenera kukweza boost (mavoti oonjezera omwe VFD imapereka pa Hz yotsika), yomwe imaonjezera ma ampeya ndi kutentha. Chachitatu, mota inali pafupi ndi ng'anjo, ikupuma mpweya wotentha kale. Lamba nayenso anafewa ndi kutenthako n'kuyamba kuterereka. Amisiri a mota amati kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kupitirira malire, moyo wa vanishi wa m'makoyilo umafupika ndi theka. Mota imeneyi sikanaona mvula.

Ena anati tingoika fani yapadera yowuzira mota. Zimathandiza ndithu, ndipo pamakina omwe amafunikadi kuyenda kuyambira pang'ono kwambiri mpaka mothamanga, ndiyo njira yake. Koma mgolo wathu sudzafuna ka 78 pa mphindi ngakhale tsiku limodzi. Kugwiritsa VFD kutsitsa liwiro katatu n'kuipatsa ntchito ya magiya. Magiya akagawa liwiro amachulukitsa mphamvu yokokera, pomwe VFD ikatsitsa Hz mphamvu yokokera imangokhala yomweyo, ndipo mota ya 0.75 kW pa 16 Hz imangopereka pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu la ntchito yake. Ndinawauza amayi kuti pakufunika ndalama ina. Sanakondwe, koma atagwira okha mota ija anavomera.

19 Julayi: giyabokosi

Ku Kanengo komweko ndinapeza giyabokosi ya worm (ya giya yooneka ngati sikuluwu) ya 1:20. Pamodzi ndi cholumikizira chomwe wosepa zitsulo wa ku Biwi anatipangira kuti igwirane ndi shafuti ya mamilimita 19, zinakwana K140,000. Mafuta akale anali akuda, ndinawataya n'kuthira a giya a nambala 320. Pulley ndi lamba tinachotsa, tcheni chinatsala. Tsopano 1,400 kugawa ka 20, kugawanso katatu, mgolo ukuzungulira ka 23 pa mphindi mota ili pa 50 Hz yake. Wowotcherera anatalikitsanso chimango kuti mota italikirane ndi ng'anjo, n'kuika lata pakati.

Mu VFD ndinatseka malire: pansi 35 Hz, pamwamba 60 Hz, ndiye kuti mgolo uli pakati pa 16 ndi 28 pa mphindi. Ngakhale wina atapotokola batani mpaka kumapeto, mota siingatsikenso kufika pomwe fani yake imalephera, ndipo mtedza sungamatirire kukhoma. Boost ndinaibwezera pansi. Tinakazinga kuyambira m'mawa mpaka masana mota ili yofunda chabe.

26 Julayi: VFD ikuzima chigayo chikayatsidwa

Mlungu wonse amayi ankadandaula kuti mgolo ukumangoima wokha. Nditakhala nawo tsiku lathunthu ndinaona kuti ukuima nthawi imodzi yokha: pomwe wina wayatsa kachigayo kogayira chiponde. Kachigayoko kali ndi mota ya 2.2 kW, ndipo makina onse ankadyera pa ekisitenshoni imodzi ya waya woonda wa 1.5 mm², yotalika mamita 40 kuchokera kunyumba yaikulu. Mota ya induction ikamayamba imakoka ma ampeya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa ikamayenda. Pa waya wautali woonda chotero, mavoti amagwa kwambiri kwa kanthawi, ndipo VFD ikaona makapasita ake aphwa imadziteteza pozima.

Ndinakoka waya wakewake wa 2.5 mm² kuchokera pabokosi la mabuleka, mamita 40 pa K3,500 mita imodzi, K140,000, ndi buleka ya 16 A ya K12,000. Ndalama yowawa, koma ekisitenshoni ija inkatentha m'manja kachigayo kakamayenda, ndipo pamalo odzaza makoko ouma ndi ngozi ya moto. Ndawauza kuti kachigayo nakonso kapeze waya wake mwezi wamawa.

Achemwali anandiuzanso kuti chimango chimawanyerenyetsa akachigwira ndi manja onyowa. VFD imatayira timagetsi pang'ono ku earth chifukwa cha kutsegula ndi kutseka kwachangu kuja, ndipo ekisitenshoni yakale inalibe waya wa earth n'komwe. Waya watsopano ali naye. Ndinakhomanso ndodo ya earth ya K22,000 pafupi ndi shedi, n'kulumikiza VFD, thupi la mota ndi chimango cha mgolo. Kunyerenyetsa kunatha.

2 Ogasiti: bokosi, batani ndi kuzimitsa

Timakoko tofiira ta mtedza timauluka paliponse, ndipo fani ya VFD inali itayamba kale kutikokera m'kati. Ndinaiika m'bokosi lachitsulo la K25,000 pakhoma, mamita atatu kuchokera pang'anjo, lokhala ndi mabowo pansi ndi pamwamba otchingidwa ndi nsalu yopyapyala. Pafupi ndi wokazinga ndinaika potentiometer ya 10k (batani lopotokola losinthira Hz) ndi mabatani awiri, wobiriwira ndi wofiira. Ndi waya wamba manambala a Hz ankadumphadumpha okha, chifukwa unayenda limodzi ndi mawaya a mota. Nditaika waya wokutidwa ndi ukonde wachitsulo n'kuudutsitsa njira ina, anakhazikika. Potentiometer ndi wayayo zinakwana K15,000.

Ndinawapempha zinthu ziwiri. Asamayatsire kapena kuzimitsira mgolo pa soketi yapakhoma, chifukwa nthawi iliyonse magetsi akalowa makapasita amadzazidwa kudzera m'ka resistor kakang'ono, ndipo kuyatsayatsa kumakapsereza. Ndiponso wina aliyense asadzaike swichi pakati pa VFD ndi mota, chifukwa kudula pamenepo mota ikuyenda kumatha kupha matransista.

9 Ogasiti: magetsi akazima mtedza uli pamoto

Magetsi anazima mgolo uli pakati pa ntchito, ndipo makilogalamu 25 anapserera pansi. Giyabokosi ya worm siilola kuzunguliridwa kuchokera kumbali ya mgolo, choncho amayi anakanika kuutembenuza ndi manja. Ndi pulley zija zikanatheka, ndiye aliyense woika worm aganizire zimenezi kuyambira pachiyambi.

Wowotcherera anasintha sproketi yaikulu kuti izikhala yomasuka pa shafuti, yogwidwa ndi pini imodzi yosolola, ndipo kumapeto kwa shafuti anaika chopukusira chamanja chochotseka. Ntchitoyi K15,000. Magetsi akazima, wokazinga amasolola pini, kuika chopukusira n'kupitiriza. VFD ili ndi mwayi woti iziyamba yokha magetsi akabwera. Umenewo ndinautseka, chifukwa munthu atha kukhala dzanja lili pa tcheni. Chopukusira chizichotsedwa pini isanabwezeretsedwe.

23 Ogasiti: zizindikiro pa batani

Amayi apeza okha manambala awo ndipo alemba ndi penti mozungulira batani. Chalimbana, wa maso akuluakulu, amamuyendetsa pa 40 Hz, cha m'ma 19 pa mphindi, chifukwa akathamangitsa amasweka pakati ndipo zidutswazo zimapsa msanga. CG7, wofiira uja wochokera ku kafukufuku wa ku Chitedze, amayenda pa 50 Hz. Chakumapeto fungo likayamba kumveka amakweza kufika pa 58 Hz n'kuchepetsa blower, kuti mtedza usakhalitse pachitsulo chotentha. Zimenezi sindinawaphunzitse ine, ndipo n'zimene zikundikhutiritsa kuti VFD inali yoyenera kugulidwa, chifukwa ndi magiya okha akanakhala ndi liwiro limodzi basi.

Ndalama zonse za mbali ya mota, kuwerengera dimmer, blower ndi pulley zomwe tinachotsa, zakwana K982,000. Mgolo ndi ng'anjo zili padera. Mota ya kompuresa idakali yamoyo ndipo akufuna kuigulitsa pamodzi ndi pulley zija kuti apeze ndalama ya waya wa kachigayo.

Chatsala ndi nyengo yotentha. Zonsezi tayesa m'miyezi yozizira, ndipo buku la VFD likuti mpweya wozungulira usapitirire madigiri 40. Shediyo ndi ya malata. Mu Okutobala ndidzaika choyezera kutentha m'bokosi masana, ndipo chikadzayandikira pamenepo ndidzaboola m'mbali n'kuika fani ya masentimita 12 yotulutsa mpweya. Pakadali pano nsalu ya pamabowo akuikutumula Loweruka lililonse.